Mpango wa Dixon Pamutu pa Alesi

Mpango uja Ester anauzindikira asanazindikire mutu umene unauvala. Unali wobiriwira, wa ngodya zitatu, ndipo pangodya imodzi panali dzina losokedwa ndi ulusi wofiira: DIXON. Anasoka dzinalo ndi Ester yemwe, zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo chilembo chapakati chinapendekera chifukwa tsiku limenelo mwini dzina anaima pawindo akunamizira kufuna aphunzitsi.

Tsono mpangowo unali pamutu pa Alesi, mtsikana wa kumalayini akumunsi, kunyumba za antchito, pampopi pamene akazi onse a pa esiteti ankatunga madzi. Anaumanga mwaluso ndithu, dzina lili pamphumi penipeni, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga afunse mnzake. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julaye chaka cha 1960, chiperoni chitakuta minda ya tiyi. Loweruka la sabata lomwelo ankhoswe a Dixon anali oti akaonekere kwa atsibweni ake a Ester, kukamanga za ukwati.

"Ndowa yasefukira, iwe," anatero Leah, mnzake wa Ester wa ponda apa nane mpondepo. "Ndimati ndikuuze dzulo, koma ndinasowa poyambira. Akuti ndi chikole."

"Chikole cha ndani?"

"Kuwerenga si umadziwa ndiwe?"

Ester anaseka pang'ono n'kusiya. Leah anamukokera pambali n'kuyamba kumasula. Lachisanu lapitalo Alesi anaterereka akuchokera kunkhuni, n'kugwera pachitsa cha tiyi wodulira kumene. Zitsa zimenezo zimasongoka ngati mikondo, ndipo chinamung'amba pamwamba pa bondo. Dixon anatulukira pa njinga, anagwada, anapinda nsalu ya mtsikanayo, n'kumanga balalo ndi mpango umene ankayenda nawo m'thumba.

"Ndiye akanamusiya magazi athe?" anafunsa Ester.

"Ine sindikutsutsa ayi. Koma mayi ake a Alesi akuti mwamuna sagwadira mtsikana pachabe, sagwira ntchafu ya mwana wa eni pachabe, ndipo nsalu ya dzina lake saisiya pachabe. Akuti anadikira masiku atatu kuti mwina abwera kudzaitenga. Sanabwere. Ndiye iwo akuti zapsa."

Nthawi yomweyo Alesi anadutsa pafupi, ndowa ili pamutu pamwamba pa mpango uja, akukoka mwendo. "Mwadzuka bwanji, achemwali?" anatero mwaulemu wonse. M'maso mwake munalibe chipongwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuimitsa mutu Ester. Wachipongwe umadziwa chomuyankha.

* * *

Kuti mumvetse za mpangowu tiyambe ndi kumishoni. Kumeneko aphunzitsi anayambitsa chimene ankachitcha Mendulo ya Achinyamata. Woifuna ankalimbana nayo chaka chathunthu: aphunzire luso la manja, ayende ulendo wa masiku awiri atasenza kamba wake, ndipo Lachitatu lililonse aphunzire kutsuka mabala, kuletsa magazi ndi kunyamula wothyoka. Wopambana ankalandira kamendulo ka mkuwa ndi mpango wobiriwira, umene sunali wotchenera koma womangira wovulala. Polandira ankakweza dzanja n'kulonjeza kuthandiza aliyense, osayamba wafunsa kuti ndi mwana wa yani.

Ambiri anathawira panjira, ulendo wa masiku awiri uja utawatupitsa mapazi. Ester ndi Dixon anafika kumapeto. Dixon mendulo inamutsegulira khomo la ukalaliki kufakitale, pakuti mzungu wolemba ntchito anaiyang'ana kawiri n'kusiya kufunsa zambiri. Ester naye, mwana akapsa ndi phala kumalayini, anthu ankathamangira kwa iye asanaganize za wina. Mtsikana amene kale ankabisala kumbuyo kwa mayi ake alendo akabwera, tsopano ankatha kulamula bambo wandevu kuti agwire mwana bwino.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo anakumana pamabulugama, pamene ankakumana nthawi zonse. Dixon anabwera akuimba mluzu, mwamuna wosadziwa kuti nyumba yake ikupsa.

"Mpango wanu uli kuti, achimwene?"

"Mpango? Oo, ndinamangira mtsikana wina wa kumunsi, anavulala. Ndinaiwala kukuuzani."

"Munaiwala. Nanga kukautenga munaiwalanso?"

"Aa, Ester, nsalu ya magazi a munthu ndikaitenge ndikatani nayo? Ndiponso bala silifuna kumasulamasula. Si momwe anatiphunzitsira?"

"Pabala palibe. Uli pamutu."

Dixon anafunsa kuti pamutu pa yani. Ester anamufotokozera zonse, za kugwada, za ntchafu, za masiku atatu. Mnyamatayo anayamba ndi kuseka, kenako anaona kuti akuseka yekha.

"Ndiye mukanakhala inu mukanatani?" anafunsa.

"Ndikanamanga."

"Ndiye ndalakwa pati?"

"Sindinati mwalakwa."

"Nanga mukulirira chiyani?"

Ester anapukuta misozi. Mutu unkamuuza kuti mwamunayu anachita zoyenera, zimene iye mwini akanamunyoza nazo akanapanda kuchita. Koma mtima unkafunsa zake: bwanji masiku anayi onse osatchula? Pamene ankapinda nsalu ija, maso ankayang'ana bala lokha? Alesi ndi wokongola, zimenezo ngakhale mdani wake sakanakana. Nsanje inamugwira Ester, ndipo manyazi a nsanjeyo anamugwiranso pamwamba pake.

"Mawa ndipita kukautenga," anatero Dixon.

"Mukapita akati mwapita kukaona mkazi wanu."

"Ndiye ndisapite."

"Mukapanda kupita akati mwavomera."

Dixon anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anasiyana dzuwa lisanalowe, aliyense njira yake, osagwirizana kanthu.

* * *

Nkhani yoipa ili ndi miyendo. Pofika Lachitatu masana mayi ake a Alesi anali atakwera kale mtunda kupita kumudzi kwa a Bizwick, atsibweni ake a Ester, mlongo wa mayi ake ndiponso mwini mbumba. Anapita mwaulemu, atanyamula phava la nthochi, kukapempha kuti mabanja awiriwa asadane chifukwa cha mnyamata mmodzi.

A Bizwick anali munthu wosakweza mawu, koma akayamba kusakaniza Chilomwe polankhula, ana a alongo awo ankadziwa kuti kwaipa. Anaitanitsa Ester. Iye anagwada chapatali, mayi ake atakhala pambali, maso ali pansi.

"Mnyamata wako uja ali ndi mipango ingati?"

"Umodzi, atsibweni."

"Ndiye umodziwo wapatsa wina. Iwe anakupatsa chiyani?"

"Atsibweni, si chikole chimenecho. Ndi bandeji. Kumishoni anatiphunzitsa kuti munthu akavulala..."

"Kumishoni anakuphunzitsani kugwira ntchafu za ana a eni?"

"Anatiphunzitsa kuletsa magazi."

"Ine ndakula mpaka imvi izi, ntchafu ya mkazi wosakhala azakhali ako sindinaigwirepo, ndipo anthu sanathe kufa ayi. Zamendulo zanuzi ndinazikayikira kalekale. Kachitsulo kosagula ngakhale mchere, koma kakukuzani mitima."

Mayi ake a Ester anayesa kuikapo mawu. Anakumbutsa achimwene awo za chaka chatha, pamene mdzukulu wawo anatsamwa ndi njere ya bwemba, Ester n'kumuzondotsa mpaka njereyo inatuluka. A Bizwick anangoti zimenezo n'zina, Ester ndi mkazi ndipo anagwira mwana.

"Tamvera," anatero pomaliza. "Ine sindifuna mkamwini wobwera ndi mlandu kumsana. Akwawo kwa a Mabvuto, uja wabwera ku Joni ndi galamafoni, andifunsa kawiri za iwe, ine n'kumawazengereza chifukwa cha kalaliki wakoyo. Ndimupatsa mpata umodzi. Kuyambira lero mpaka Loweruka, asaoneke pafupi ndi mtsikana uja. Asamupatse moni, asadutse pakhomo pawo, ngakhale mthunzi wake usagwere kumeneko. Akatero ndidziwa kuti amayi aja akulota, ndipo ankhoswe ake ndiwayalira mphasa. Koma ndikangomva kuti aonedwa limodzi, asavutike n'kubwera."

Ester anawomba m'manja n'kudzuka. Kunena zoona mtima unatsikako pansi. Masiku atatu okha, ndipo chimene ankafuna atsibweni n'chimenenso mtima wake unkafuna mobisa.

* * *

Kalata anailemba madzulo omwewo papepala long'amba m'kope, ndipo Leah anakaipereka.

"Achimwene a Dixon, atsibweni agamula. Musayandikire Alesi kapena nyumba yawo mpaka Loweruka lidutse. Wina akakuitanani, musapite. Akati ndi ine ndakutumani, musapitebe, pakuti anthu aja ndi ochenjera. Mukaphonya apa, ine andipereka kwa a Mabvuto. Ndine wanu, Ester."

Yankho linabwera Lachinayi m'mawa, lolembedwa ndi inki ya kufakitale, zilembo zake zoima ngati asilikali.

"Wokondedwa Ester, ndamva. Ndikulumbira kuti kumalayini akumunsi sindipondako ngakhale kugwe moto. Ndayamba kale kuzungulira njira ya kudamu popita kuntchito, ngakhale italika. Za a Mabvuto musanditchulirenso, usiku wathawu sindinagone. Galamafoni nanenso ndidzagula. Wanu mpaka imfa, Dixon."

Ester anaiwerenga kanayi n'kuibisa pachifuwa. Leah ankamuyang'ana cham'mbali.

"Ndiye mpangowo uusiya?" anafunsa. "Loweruka ankhoswe akukambirana, dzina la mkamwini lili pamphumi pa wina pampopi?"

"Ndikautenga ndekha."

"Ndikuperekeze? Ine kumenya sindidziwa, koma kukuwa ndimatha."

"Sindikukamenyana. Ulusi uja ndi wanga, ndikungokatenga ulusi wanga."

Anatero ndi pakamwa, koma Lachinayi lonse analitha akukonza mawu oti akamulase nawo Alesi. Anawasankha bwino, ena aulemu, ena aminga, n'kuwayeseza akusinja.

* * *

Lachisanu, anthu atapita kuntchito, Ester ndi Leah anatsikira kumalayini akumunsi. Nyumba za kumeneko zinali zofanana zonse, zomata ndi dothi lofiira, makomo atayang'ana kumodzi. Pakhomo pa Alesi panali zii. Ester anaodira kawiri, ndipo kachitatu mawu ofooka anayankha m'kati.

Fungo ndi limene linamulonjera. Alesi anali gone pamphasa atafunda chiguduli, akunjenjemera, milomo itauma. Mpango uja unali pamutu pakebe. Mayi ake anali atakhala pambali akupera mizu pamwala.

"Mwabwera kudzalanda?" anafunsa mayiwo. "Chopatsidwa salanda, mwana wanga."

Mawu onse amene Ester anakonza dzulo anabalalika. "Tavundukulani mwendowo," anatero.

"Ndi malungo chabe. Chiperonichi."

"Mayi, tavundukulani ndione."

Mawu ake anatuluka mwa mtundu wina, mmene ankatulukira mwana akapsa ndi moto, ndipo mayiwo anapezeka atamvera. Ntchafu inali itatupa mpaka kunyezimira. Pabala anamatapo phulusa ndi masamba otafuna, ndipo mafinya ankatuluka m'mbali. Ester anagwira pamwamba pake, panali potentha ngati chiwaya. Anakanikiza m'mphechepeche n'kupeza mwanabere, Alesi n'kukuwa.

"Bandeji munaichotsa liti?"

"Tsiku lomwelo," anayankha Alesi. "Amayi anati nsalu yotere siyenera magazi. Anaichapa."

Ester anatseka maso. Anafuna kutukwana, koma sanadziwe kuti atukwane ndani. Anatuma Leah kuti awiritse madzi ndi mchere, iye n'kugwada pamphasa. Anachotsa phulusa lija pang'onopang'ono, akutsuka kuchokera pakati kupita kunja monga anaphunzirira, Alesi atamugwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Achemwali," anatero Alesi ululu utadukizako, "inu mumadana nane?"

"Khala chete, usagwedeze mwendo."

"Ine a Dixon sindinawaitane ayi. Ndinali gone m'tiyi, amuna atatu anadutsa, onse anayang'ana kumbali poona kuti nsalu yakwera. A Dixon okha ndi amene anatsika pa njinga. Chibadwire palibe mwamuna anandigwadirapo. Ndiye amayi atati ndi chikole, ine ndinati kapena n'zoona. Nanga munthu angachite zotere kwa munthu amene sakumufuna?"

"Angachite," anatero Ester. "Ine ndikutani pano?"

Alesi anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo zinaoneka kuti funsolo lamusokoneza kuposa malungo. Ester naye linamusokoneza. Anabwera kudzalanda, ndipo tsopano anafunika nsalu yoyera yomangira bala, m'nyumba monse munalibe ina. Anamasula mpango uja pamutu pa Alesi, anauviika m'madzi owira, anaufinya, n'kuumanga pantchafu pomwe Dixon anaumanga poyamba.

"Kutsukaku sikukwanira," anauza mayiwo. "Poizoni walowa m'magazi. Akapanda kubayidwa jakisoni lero kuchipatala cha mishoni, mwendowu adula, kapena tiika maliro."

Mayi aja mwala woperera unawagwa m'manja. Kuchipatalako kunali mailosi asanu ndi awiri. Wotsuka mabala wa pa esiteti anali atapita ku Limbe kukatenga mankhwala. Amuna onse a pamalayini anali kodulira tiyi kutsidya la mtsinje, ndipo a machila sakanapezeka dzuwa lisanapendeke. Njinga pa esiteti yonse zinali ziwiri, ya akapitawo imene inali nawo kutsidyako, ndi ina.

Leah anayang'ana Ester. "Iwe, usayerekeze," anatero.

* * *

Ester anayerekeza. Analemba ndi pensulo pachikutiro cha paketi ya tiyi: "Bwerani msanga ndi njinga kwa Alesi. Wadwalika. Ester." Nyengo yodulira tiyi kufakitale kunkakhala kopanda ntchito yambiri, ndipo Leah anathamanga.

Anabwerako yekha, ali wefuwefu, atanyamula kapepala.

"Wokondedwa, mayeso anu ndawaona ndipo ndakhoza. Sindibwera. Munanena nokha kuti ngakhale atati mwandituma ndinu. Wanu wokhulupirika, Dixon."

"Anachita kumwetulira polemba," anatero Leah. "Akuti ndikuuze kuti iwo si mwana."

Ester anakhala pansi pakhonde, kapepala kali m'manja. Apa ndiye mutu unaima zenizeni. Msampha anautchera yekha, ndipo wagwira mwendo wake womwe. Komanso taonani, khomo linali lotseguka: iye wayesa, mwamuna wakana, ndani akanamunena? Akanatha kudikira amuna a machila madzulo, mawa ankhoswe n'kukhala pamphasa, zonse n'kuyenda. Mwina Alesi akanafika ndithu kuchipatala usiku. Mwina. Ganizo limenelo linamukomera, ndipo kukoma kwakeko kunamuchititsa mantha.

M'nyumba Alesi anayamba kubwebweta, akuitana agogo ake amene anamwalira kalekale.

Ester anakwinda nsalu n'kuthamanga yekha. Anamupeza Dixon kuseri kwa fakitale akupukuta njinga.

"Ndakhoza, eti?" anatero mnyamatayo akumwetulira.

"Kwerani njinga."

"Aa, Ester, kachiwirinso? Ndalumbira ine."

"Achimwene, tayang'anani manja angawa."

Dixon anayang'ana. Munali magazi ndi mafinya mpaka m'zigongono. Kumwetulira kunazima.

"Nanga atsibweni?"

"Sindikudziwa."

"Nanga a Mabvuto? Ester, mukudziwa chimene mukundipempha? Mawa ndi Loweruka."

"Ndikudziwa tsiku! Mukuganiza kuti sindikudziwa? Ine mtsikana uja sindimufuna, ndikamuona mtima umandiwawa, ndipo ngati munamuyang'ana mwa mtundu wina tsiku lija, Mulungu akuoneni. Koma mwanabere watuluka ndipo wayamba kubwebweta. Tinakweza manja limodzi, ine ndi inu. Kapena munakweza kuti mupeze ukalaliki?"

Dixon anatembenuza njinga. Anaponya chiguduli pansi, anakweza Ester pakaliyala, n'kupalasa kulowera kumalayini akumunsi, njira imene analumbira kuti sadzapondamo.

* * *

Anamukhazika Alesi pachishalo, pakuti pakaliyala akanagwa. Dixon ankakankha njinga atagwira mahandulo, wodwalayo atamukoleka mkono m'khosi kuti asapendeke. Ester ankayenda pambali atanyamula mwendo wotupawo m'manja kuti usalendewere. Mayi ake a Alesi ankatsatira pambuyo ndi kamtolo ka zofunda, ndipo Leah anatsala kuti akauze mayi ake a Ester.

Akazi amene sanapite kuntchito anatuluka m'makomo. Wina anafunsa ngati ndi matenda. Wina, gogo wosaona bwino, anangoona mtsikana pa njinga ya mnyamata, mayi ake ali pambuyo ndi katundu, basi n'kuyamba nthungululu. Anzake anamutseka pakamwa, koma mawuwo anali atamveka kale mpaka kumtunda.

Anayenda mailosi awiri. Chiperoni chinasanduka mvula yowaza, njira yofiira ija n'kuyamba kuterera. Manja a Ester anachita dzanzi. Kawiri konse anaona Dixon akutembenuka kuyang'ana nkhope ya Alesi, ndipo kawiri konse anadziuza kuti akuona ngati akupuma, monga anawaphunzitsira. Anadziuza, koma sanadzikhulupirire kwenikweni.

Pamphambano ya njira ya ku Khonjeni anakumana ndi munthu wovala jekete lakuda, ambulera ili m'manja, kumsana atabereka kathumba ka mpunga ndi shuga. Anali a Bizwick, akuchokera kogula zoti alendo a mawa adzadye.

Onse anaima. A Bizwick anayang'ana mkono umene unali m'khosi mwa Dixon. Anayang'ana mpango wobiriwira pantchafu, dzina lofiira lili poyera. Kenako anayang'ana mwana wa mlongo wawo atanyamula mwendo wa mtsikana winayo ngati wantchito wake.

"Atsibweni, ndawaitana ndine," anatero Ester msangamsanga. Anafuna kugwada koma mwendo unali m'manja. "Anakana, ndinachita kukawatenga. Mtsikanayu akufa."

"Wawaitana ndiwe."

"Eya."

"Ine ndinayesa ndikuteteza iwe kuti asakuchititse manyazi. Kani manyaziwo ukuchita kuwanyamula wekha m'manja?" Anatsitsa kathumba kaja pansi. Sanali munthu wouma mtima, a Bizwick, ndipo nkhope ya Alesi anaiona. Mvula inkagogoda pa ambulera. "Chabwino. Mudzi uwo uli apowo, amuna alimo. Mukhazikeni pansi pa mtengowu, mayi ake akaitane anthu amunyamule pamachila. Iwe mnyamata, tembenuza njinga yako uzipita. Iwe Ester, tsogola. Mukatero, ine sindinaone kanthu, ndipo mpunga uwu udyedwa mawa."

Kunali kukoma mtima kumeneko, ndipo Ester anadziwa kuti atsibweni ake sabwereza kawiri. Anayang'ana mudziwo. Unali kutsidya la khwawa, ndipo nthawi imeneyo amuna akanakhala kuminda kapena kumowa. Kuwasonkhanitsa, kudula mitengo, kumanga machila, dzuwa likanalowa asananyamuke. Pansi pa zala zake mwendo unkatentha kudutsa nsalu.

Dixon anamuyang'ana, maso akufunsa. Mwamuna uja akanachita chilichonse chimene Ester akananena, ndipo Ester analakalaka akanapanda kutero, kuti mlanduwu ukhale wa wina.

"Kankhani njinga, achimwene," anatero.

"Ester..."

"Kankhani."

Matayala anayamba kuzungulira m'matope. A Bizwick anapatuka kuwapatsa njira, ndipo polankhula sanakweze mawu.

"Mnyamata, uwauze ankhoswe ako asadetse mapazi. Mpungawu ndagula kale, suwonongeka. Adya a kwa Mabvuto Lamulungu."

Ester sanatembenuke. Misozi inasakanikirana ndi mvula, ndipo analibe dzanja loipukutira. Anayenda chomwecho mpaka anatsika chitunda, mpaka denga la malata la chipatala linayamba kuoneka patali pakati pa mitengo.

Pamenepo Alesi anatsegula maso. Malungo anali atamusiya pang'ono, ndipo zinaoneka kuti zonse za pamphambano anazimva, n'kuzimasulira monga anakulira. Kwawo kunali kwa mitala. Ankadziwa kuti mkazi wolola kukangana ndi abale ake, n'kukatenga yekha mwamuna kuti anyamule mtsikana wina, ndiye kuti wamulandira pakhomo. Anatambasula dzanja lotentha n'kugwira tsaya la Ester mwachikondi chenicheni.

"Zikomo, amayi aakulu," ananong'ona. "Sindidzakuvutitsani m'banjamo."